Kodi Batire ya M'boti Imathera Kuti?

Petulo ndimamumvetsa. Amakhala m'chigubu, umamuona ndi maso, ukagwedeza chigubucho umamva kuti watsala wochuluka bwanji. Mwini boti aliyense wa pa mtsinje wa Kafue amadziwa pamtima malita amene amafunika kuti akafike ku misasa ya asodzi ndi kubwerako. Koma batire? Yodzaza ndi yakutha zimalemera chimodzimodzi. Siisintha mtundu, siichita phokoso. Nanga munthu amadziwa bwanji kuti m'bokosi lakudali mwatsala mphamvu yotani? Ndafunsa anthu ambiri, ndipo yankho lililonse landibalira funso lina.

Ine ndine mayi wogulitsa nsomba wa ku Nangongwe. Makolo anga adachokera ku Katete m'zaka za m'ma 1970, pamene fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals ndi fakitale ya nsalu zinkaitana anthu a mitundu yonse kudzakhala ku Kafue. Nsomba ndimakaoda kumtunda kwa mtsinje, cha ku Chanyanya ndi kupitirira, ndipo ndimakwera boti la amalume anga, la mtundu uja timautcha banana. Ndili mwana, m'boti munkakhala nkhafi, chokapira madzi ndi nyali ya parafini. Lero muli mababu awiri, tochi yaikulu younikira mvuu, sipika wa nyimbo, kapampu kotulutsa madzi, ndi mafoni. Mafoni ndiye osawerengeka, chifukwa ndalama za nsomba masiku ano zimayenda pa foni, ndipo ku misasa kulibe magetsi. Boti likangokocheza, asodzi amabwera atanyamula nsomba dzanja lino, foni dzanja linalo. Zonsezi zimayamwa batire imodzi yomwe yakhala pansi pa thabwa lakumbuyo, pafupi ndi chigubu cha petulo. Mababu akayamba kufiira pakati pa usiku, tili pakati pa bango, aliyense amangoti batire yatha. Palibe amene amafunsa kuti yathera kuti.

Woyamba kumufunsa anali mwana wa mlongo wanga, mnyamata amene amaika masola m'nyumba za anthu ku Shikoswe ndi ku Zambia Compound. Ndidamuonetsa zimene zalembedwa pa batireyo.

"Iwe, apa alemba kuti 12 volts. Ndiye ikamasonyeza 12 ndiye kuti yadzaza?"

"Ayi, azakhali. Ikamasonyeza 12 ndiye kuti yatsala pang'ono kutha."

Adatulutsa kamita kake n'kugunditsa mawaya awiri pa mitu ya batire. Adati batire ya mtovu ndi asidi ikakhala yodzaza, itapumula maola angapo osatchajidwa kapena kugwiritsidwa ntchito, imasonyeza 12.6 kapena 12.7. Ikafika cha pa 12.2 ndiye kuti theka lapita. Ikatsika pansi pa 12 ndiye kuti yauma. Moyo wonse wa batire uli pakati pa 12.7 ndi 12, kampata kosakwana ngakhale volt imodzi. Nanga n'chifukwa chiyani pa bokosi amalembapo nambala yomwe batire imafikapo ikamafa, osalembapo imene imasonyeza kuti ili bwino? Ndipo ngati kamita kotere kakugulitsidwa motsika mtengo kuposa ukonde umodzi, bwanji sindidakaonepo m'boti lililonse lomwe ndakwera? Chomwe ndimaona n'chakuti munthu amatenga kawaya, n'kugunditsa mitu yonse iwiri, moto n'kuthetheka, iye n'kunena kuti ilimo. Mnyamatayo adagwira mutu nditamuuza zimenezi. Adati batire yotsala pang'ono kutha nayonso imathetheka, choncho kuyesako sikukuuza kanthu. Adatinso batire ikamatchajidwa imatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika ndi kamoto kochepa, ndiye kuthethetsa moto pamenepo, pambali pa petulo, m'boti lomwe mwadzaza anthu, n'kuika miyoyo pachiswe.

Nambala ina yolembedwa pa batire ya amalume ndi 100Ah. Mwanayo adandifotokozera mosavuta. Chinthu chikamakoka amp imodzi kwa ola limodzi, chadya Ah imodzi. Ndiye batire ya 100Ah ili ndi zana limodzi la timagawo totere. Ndidakondwa, ndimvekere tsopano ndamva. Koma adawonjezera kuti pa 100 ameneyo, wako ndi 50 yekha. Ukamaitsitsa kupitirira theka kawirikawiri, timbale ta mtovu ta m'kati timawonongeka, ndipo batire yoti ikadakhala zaka imafa m'miyezi yochepa.

Apa ndiye mutu udaima. Ngati ndagula 100, bwanji ndidye 50? Ngati wanga ndi 50, bwanji wogulitsa sandiuza tsiku lomwe ndikupereka ndalama? Mnyamatayo adati palinso china. Batire ya amalume ndi ya galimoto, ndipo batire ya galimoto adaipangira ntchito imodzi: kupereka mphamvu yaikulu kwa masekondi ochepa kuti injini ilire, kenako injiniyo n'kuibwezera zimene yataya nthawi yomweyo. Timbale take n'topyapyala. Siidapangidwe kuti iziyatsa mababu usiku wonse. Ya ntchito imeneyo ndi ina, yomwe amalemba kuti deep cycle, ya timbale tochindikala, yomwe anthu a masola amagwiritsa ntchito. Kunja zimaoneka ngati zofanana. Kodi msodzi amene wabwera m'sitolo ndi ndalama za nsomba za mwezi wathunthu, nanena yekha kuti ndi ya m'boti, amayenera kudziwira kuti kusiyana kumeneku? Amalume ndi munthu wodziwa mtsinje kuposa aliyense amene ndimamudziwa. Amatha kuona pa madzi kuti pansi pali mvuu. Koma za timbale ta m'kati mwa bokosi lomatidwa, akadazionera pati?

Tidakhala pakhonde ndi pepala ndi pensulo, n'kuyamba kuwerenga. Ichi ndicho chimene chidandidabwitsa kuposa zonse, chifukwa masamu ake ndi omwe ndimachita tsiku lililonse pa msika. Pa chipangizo chilichonse pamalembedwa ma watts. Ukagawa ma watts ndi 12 umapeza ma amps, ukachulukitsa ndi maola umapeza zimene chadya. Mababu a amalume ndi a 10 watts lililonse. Awiri ndi 20, kugawa ndi 12 zikupereka pafupifupi 1.7 amps, ndipo akayaka maola 10 adya 17Ah. Tochi yaikulu ija ndi ya 50 watts, imakoka 4 amps, koma imayatsidwa pang'onopang'ono, tinene ola limodzi usiku wonse: 4Ah. Sipika amakoka cha m'ma 2 amps, ndipo amalira kuchokera ponyamuka mpaka anthu atagona, tinene maola 6: 12Ah. Foni imodzi kuti idzaze imafuna pafupifupi 1.5Ah, ndipo mafoni 12 akufuna 18Ah. Taphatikizani nokha. Zikukwana 51. Theka lija lapita kale, kapampu kotulutsa madzi kasanalire ngakhale mphindi imodzi.

Ndidayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Ine ndinkaganiza kuti chimene chimamaliza batire ndi tochi, poti ndiyo imawala kwambiri. Foni ndinkaiona ngati kanthu kosadya. Koma mafoni ndi nyimbo, zomwe palibe amene amaziwerengera, zikudya 30 pa 51. Ndipo amalume amatchaja mafoniwo podzera pa inveta, kabokosi kosintha magetsi a batire kukhala a m'nyumba, kuti anthu azilowetsa machaja awo a kunyumba. Mwanayo adati inveta imadya ngakhale isakutchaja kanthu, ikangokhala yoyatsa, mwina theka la amp pa ola, komanso imataya mphamvu ina ngati kutentha. Kachaja ka 12 volts konga ka m'minibasi kamagwira ntchito yomweyo mosataya zambiri. Ndiye bwanji timakweza magetsi kuchoka pa 12 kufika pa 230 kuti kenako chaja iwatsitsenso kufika pa 5?

Funso lenileni lomwe pepalalo lidandisiyira ndi ili. M'boti muli zinthu zimene zimasangalatsa ndi zinthu zimene zimapulumutsa. Nyimbo zimayamba masana, batire ili yodzaza. Mafoni a ku misasa amatchajidwa madzulo. Nyali, tochi, pampu ndi foni imodzi yoimbira kumtunda zinthu zikavuta zimafunika m'bandakucha, pobwerera, boti litalemedwa ndi nsomba, nkhungu itagwira pa madzi, ndipo pamenepo batire yatsala makombo. Kodi n'chifukwa chiyani chofunika kwambiri chimadya pomalizira? Sindikunyoza nyimbo. Ulendo wa pa madzi ndi wautali, ndipo woyendetsa amafuna chomuchotsa tulo. Sindikunenanso kuti msodzi akanizidwe kutchaja foni, pakuti popanda foni yake ine sindingamulipire. Koma petulo wobwererera palibe amene amamukhudza, ngakhale wina atapempha motani. Bwanji magetsi obwererera satetezedwa chomwecho?

Ndidapita ndi funso kwa amalume.

"Amalume, nanga injini ikamalira siidzaza batire, monga zimachitikira m'galimoto?"

Adaseka pang'ono, nati, "Mwana wanga, injini iyi ndi yokoka ndi chingwe. Batire siidziwana nayo."

N'zoona. Injini zazing'ono zokoka ndi chingwe, monga Yamaha Enduro zomwe zadzaza pa mitsinje ndi nyanja zathu, zimadzipangira zokha moto wa pa pulagi, ndipo sizifuna batire kuti zilire. Zina zili ndi kakoyilo kotulutsa magetsi pang'ono, koma kuti magetsiwo alowe m'batire pamafunika kachipangizo kowawongola, ndipo ngakhale katakhalapo, ma amps ake ndi ochepa ndipo amabwera injini ikamathamanga. Pa Kafue sitithamanga kawirikawiri. Timayenda mokwawa, kuzemba namasupuni ndi maukonde a anthu, kuima apa ndi apo kuchotsa udzu pa pulopela. Maboti akuluakulu oliza ndi kiyi, onga onyamula alendo, ndi amene injini yake imadzaza batire. Eni ake amaika mabatire awiri ndi siwichi pakati: ina ya kuliza injini basi, ina ya nyali ndi zina zonse. Ya nyali ikatha, injini imalirabe. Nzeru imeneyi ndi yomwe ndimafunsa ija. Ngati a maboti aakulu amapatula batire ya injini, n'chiyani chingaletse a banana kupatula kabatire kakang'ono, konga ka njinga yamoto, kongoyatsira nyali ndi kutchaja foni imodzi?

Batire ikabwera kumtunda imakwera wilibala kupita kwa otchaja mabatire pa msika. Apa pali chinthu chimene chimandizunguza mutu kwambiri. Madzi omwe timayandamapowa, akangodutsa pansi pa mlatho wa njanji wa 1906 ndi mlatho wa msewu, amakalowa m'chigwa cha Kafue Gorge n'kukazunguza makina opanga magetsi a 990 MW, n'kutsikiranso ku Kafue Gorge Lower, ya 750 MW, yomwe idamalizidwa mu 2023. Kumtunda kuli damu la Itezhi-Tezhi losunga madzi a makina omwewa. Tikukhala m'mphepete mwa mtsinje umene umaunikira Lusaka ndi migodi. Koma m'chaka cha chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema adachilengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko, madzi adachepa m'madamu, makamaka ku Kariba, ndipo magetsi ankazima maola oposa 17 pa tsiku. Kodi batire yomwe yataya 50Ah imadzaza bwanji m'maola ochepa amene magetsi ayaka? Mwana wa mlongo wanga adati siidzaza. Chaja ya 5 amps imafuna maola 10 kuti ibweze 50, ndi maola ena owonjezera chifukwa gawo lomaliza limalowa pang'onopang'ono. Batire yongochotsedwa kumene pa chaja imasonyeza nambala yapamwamba ngakhale isanakhute, ndiye wotchaja amakupatsa ndi mtima woyera, iwe n'kunyamula ndi mtima woyera, nonse osadziwa kuti mwanyamula theka.

Ndidafunsa ngati pali vuto kuyenda ndi theka, kupatula kuti itha msanga. Adati lilipo. Batire ya mtovu ikakhalitsa yosadzaza, pa timbale pake pamamera zoyera zolimba za sulphate, ndipo zikalimba sizisungunukanso. Malo osungira mphamvu amachepa mpaka kalekale. Batire ya 100 imasanduka ya 70, kenako ya 40, koma cholembedwa pa bokosi chimakhala chomwecho. Pamenepo ndidakumbukira miyezi yoletsa usodzi. Chaka chilichonse, kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February, boma limatseka usodzi pa Kafue kuti nsomba ziswane. Maboti amakokeredwa kumtunda. Batire imaikidwa pansi pa bedi monga momwe idabwerera pa ulendo womaliza, kapena imapita pabalaza kukayatsa TV mpaka itauma. March akafika, eni ake amadabwa kuti yafa ili chikhalire, ena mpaka kuganizira anzawo zoipa. Chonsecho ikadangodzazidwa isanaikidwe, n'kumawonjezeredwa kamodzi pa mwezi, ikadadzuka yamoyo. Maukonde timawasoka m'miyezi imeneyi, boti timalimata. Bwanji batire yokha imaiwalika?

Anthu ambiri tsopano agula masola, ndipo ndi nzeru yabwino, chifukwa dzuwa kuno silisowa. Koma nalonso lili ndi masamu ake. Sola ya 100 watts imapereka 5 kapena 6 amps dzuwa lili paliwombo, ndipo tsiku lonse lowala bwino imasonkhanitsa pakati pa 25 ndi 30Ah. Ndiye zimene tadya usiku umodzi zikufuna masiku awiri a dzuwa, ndipo kukachita mitambo, kapena sola ikakutidwa ndi fumbi ndi mamba a nsomba, masikuwo amachuluka. Ife timanyamuka mawa lake lomwe. Kodi ngongole imeneyi imalipidwa liti? Ena amalumikiza sola ku batire mwachindunji, popanda kabokosi kolamulira kutchaja, ndipo m'kutentha kwa October madzi a m'batire amawira n'kuphwera. Akaphwera, wina amatunga a mumtsinje n'kuthiramo, wina amagula asidi. Zonse ziwiri n'zolakwika: a mumtsinje ali ndi mchere ndi zitsotso zowononga timbale, ndipo chomwe chaphwera ndi madzi okha, asidi akadali momwemo. Ofunika ndi madzi a batire ogula m'botolo. Fyuzi nayo sindidaionepo m'boti mwathu. Mawaya amangopotedwa pa mitu ya batire ndi manja, n'kuyenda pansi pomwe pamakhala madzi. Fyuzi ya ndalama zochepa, yoikidwa pafupi ndi batire, ndiyo imaduka mawaya akakhudzana, m'malo moti waya ayake.

Ukawoloka mlatho wa msewu n'kudutsa pa Turnpike, msewu wa ku Chirundu umakufikitsa pa mphambano ya ku Siavonga. Kumeneko, pa nyanja ya Kariba, kuwala ndiye nyambo. Kapenta, amene adatengedwa ku nyanja ya Tanganyika m'zaka za 1967 ndi 1968, amagwidwa usiku ndi nyali zomwe zimamukokera pamwamba pa ukonde. Ku nyanja ya Malawi asodzi a usipa a chilimira amachitanso chimodzimodzi, ndipo ambiri asiya nyali za parafini n'kuyamba mababu a batire. Kwa anthu amenewo nyali ikazima, nsomba zamwazika ndipo usiku wapita pachabe, ndiye magetsi amawasamala ngati ndalama. Kwathu kuno nyali siigwira nsomba. Imangotiteteza kuti tisagunde mvuu kapena bwato la mnzathu lopanda nyali. Kodi n'chifukwa chake sitiiwerengera, poti phindu lake silioneka m'thumba?

Batire ikafa ndimaona komwe imapita. Ina imagulidwa ndi ogula zitsulo zakale. Ina imaswedwa ndi nkhwangwa kuseri kwa nyumba, asidi n'kuthiridwa pansi pomwe ana amasewera, mtovu n'kusungunulidwa pa mbaula kuti ukhale zolemetsera ukonde. Dziko lathu lomwe lino lili ndi Kabwe, kumene mgodi wa mtovu udatsekedwa mu 1994 koma ana akupezekabe ndi mtovu wambiri m'magazi, ndipo mtovu umawononga ubongo wa mwana osabwereranso. Batire iliyonse yofa isanakwane nthawi yake ndi mtovu wina wobwera pakhomo. Ndamva za mabatire atsopano a lithium, opepuka, amene amalola kuti udye pafupifupi zonse za m'kati, koma mtengo wake msodzi wamba saufikira. Ndamvanso kuti mu April 2022 Zambia ndi Congo zidasainirana pangano ku Lusaka loti zizipanga mabatire a magalimoto amagetsi pogwiritsa ntchito mkuwa ndi miyala ina ya m'nthaka yathu. Ndi nkhani yabwino. Koma dziko lokonzekera kupangira dziko lonse lapansi mabatire, lingalephere bwanji kuuza asodzi ake manambala atatu okha, 12.7, 12.2 ndi 12?

Zonse zimene ndalemba pano zidakwana pa pepala limodzi la m'kope la mwana wa sukulu. Palibe chimene chidafuna digiri. Pafupi ndi tauni yathu pali sukulu ya zausodzi ya Kasaka, ndipo msodzi aliyense amakumana ndi a Dipatimenti ya Zausodzi akamatenga laisensi. Ndikupempha kuti pa nthawi imeneyo munthu azilandiranso pepala lotere, m'Chinyanja, m'Chitonga, m'Chibemba ndi m'Chilozi, zinenero zomwe zimamveka m'misasa ya pa Kafue. Inu ogulitsa mabatire, munthu akanena kuti ndi ya m'boti, muuzeni kuti ya galimoto siimuthandiza, ndipo muuzeni za theka lija asanatulutse ndalama. Inu otchaja, ngati magetsi adazima batire isanakhute, nenani. Ndipo inu eni maboti, amalume anga pamodzi ndi anzanu, gulani kamita, ikani fyuzi, patulani magetsi obwererera, ndipo tisananyamuke mutiuze ife okwera kuti batire ili pa nambala yanji.